Maphunziro a makochi a American football: pa intaneti kapena pamasom'pamaso?

Ku United States, ligi ya American football (mpira wonyamula m'manja, wogwetsana) ya masukulu a sekondale ikatha mu Novembala kapena Disembala, makochi amayamba kusula luso lawo. Ena amapita kumisonkhano ya m'mahotela ngati ya Glazier Clinics chakumayambiriro kwa chaka, ena amaphunzira pa intaneti, monga pa NFHS Learn, tsamba la maphunziro la bungwe la masewero a m'masukulu a sekondale lotchedwa NFHS.

Ndalama: pa intaneti n'kotchipa, ndipo kosi ya NFHS ya kuvulala m'mutu ndi yaulere. Kumsonkhano mulipira ulendo, chipinda chogona ndi chakudya cha masiku awiri kapena atatu.

Nthawi: kanema mumamuimitsa n'kumubwereza mpaka mutamvetsa. Kuhotela maphunziro angapo amachitika nthawi imodzi, ndiye mukapita nokha ambiri amakuphonyani.

Luso: apa intaneti imachepa mphamvu. Kugwetsa mdani mosavulaza khosi, mutu uli chowongoka, phewa patsogolo, kumafuna wina akugwireni n'kukukonzani kaimidwe ka mapazi. Mafunso ovuta nawonso amayankhidwa bwino pakhonde, kochi mnzanu akujambula masewero papepala.

Kochi wongoyamba kumene kapena wa sukulu yakutali ayambire pa intaneti. Kochi wamkulu wokhala ndi omuthandiza angapo apite nawo onse kumsonkhano, aliyense akalowe m'chipinda cha phunziro losiyana.