Mtengo wa buluzi wa bearded dragon: kuwerengera zolowa kapena kutsata msika?

Bearded dragon ndi buluzi amene anthu amaweta pakhomo. Poika mtengo wake, ogulitsa ena amawerengera ndalama zonse zimene zapita polera buluziyo, n'kuwonjezapo phindu. Ena amangoona mmene anzawo akugulitsira, n'kutsata.

Kuwerengera kumafuna kope ndi kuleza mtima. Mazira amatenga masiku pafupifupi 60 kuti aswe, magetsi ofunditsa mazirawo akuyaka usana ndi usiku. Tiana timadya tizilombo kangapo patsiku, timafuna ufa wa calcium, ndipo babu la UVB, lopereka kuwala kolowa m'malo mwa dzuwa, liyenera kusinthidwa pakatha miyezi 6 mpaka 12 ngakhale likuwalabe. Kutsata msika n'kosavuta: mphindi zochepa pa intaneti, mtengo mwaupeza.

Mukawerengera, simuluza, koma malonda angachedwe.
Mukatsata msika, malonda amayenda msanga, koma buluzi mmodzi amaikira mazira pafupifupi 20 nthawi imodzi, ndiye tiana tikachuluka mtengo umagwa.

Kumene msika umaposa ndi pa maonekedwe. Buluzi wa mtundu wa zero, wotuwa wopanda mawanga, kapena leatherback wa khungu losalala, amadya zofanana ndi wamba, koma ogula amapereka zambiri. Kope silingakuuzeni zimenezo.

Woyamba kumene, wokhala ndi abuluzi wamba, awerengere. Wodziwa bwino mitundu ndi makolo a abuluzi ake atsate msika. Koma chonde, kamwana kosakwana masabata 6 musakagulitse, kaya wogula apereke zingati.