Ndemanga ya paki ya Liwonde kwa onyamuka ku Lilongwe

Pa nyenyezi zisanu, paki ya Liwonde tikuipatsa zinayi, ndipo zitatu mwa zinayizo ndi za mtsinje wa Shire. Amene mukukonza zopitako, ndalama ya boti muiike padera musanayambe n'komwe kuwerengera ya mafuta. Kuzungulira pa galimoto n'kwabwino ndithu, koma mbali yaikulu ya pakiyi ndi nkhalango ya mitsanya, ndipo mukhoza kuyenda ola lathunthu mukungoona nswala ndi njiri basi. Pamadzi simutha mphindi zisanu osaona kanthu.

Kuchokera mu Lilongwe ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 240, maola anayi ngati simuchedwa m'njira. Mutenge M1 kudzera ku Dedza, Lizulu ndi Ntcheu, pa Chingeni mukhotere kumanzere, mudutse Balaka mpaka pa mphambano yopita ku Mangochi. Apa mpamene anthu amasokonezeka, chifukwa zipata zilipo ziwiri ndipo zili mbali zosiyana za mtsinje. Chipata chachikulu chili kummwera: muwoloke Shire pa Kamuzu Barrage, mulowe m'tauni ya Liwonde, kenako makilomita ngati 6 kukafika pachipata. Amene akukagona ku kampu ya Mvuu, m'kati mwa paki, kawirikawiri amatenga M3 kulowera ku Mangochi, pa Ulongwe n'kukhotera kumanja mumsewu wafumbi mpaka pa chipata cha Makanga. Galimoto imatsala tsidya lino, boti limabwera kudzakuwolotsani. Mukalakwitsa n'kulowera kummwera, kuti mukafike ku Mvuu pali makilomita ngati 30 a msewu wam'kati, woyenda pang'onopang'ono, umene m'dzinja nthawi zina sudutsika. Choncho funsani kumene mwabukako kuti mulowere chipata chiti, ndipo afotokoze polemba.

Zipata amatseka 6 koloko madzulo. Wonyamuka ku Lilongwe itadutsa 1 koloko masana akuchita juga, makamaka ndi mathiraki a pa zitunda za ku Dedza ndi Ntcheu. Nyamukani 7 koloko m'mawa. Thanki mudzazire konkuno, n'kuwonjezera ku Ntcheu kapena ku Balaka mukawapeza. M'paki mulibe pothirira, ndipo kuyenda pa giya yoyamba ndi yachiwiri mutayatsa choziziritsa kumamwa mafuta kuposa m'mene mumazolowerera pa tala. Okadziphikira okha, tomato, kabichi ndi mbatata ya kachewere mugule pa Lizulu. Nkhuni za m'paki satola.

Pachipata khalani ndi chitupa cha unzika m'manja. Mmalawi amalipira ndalama yotsika kwambiri poyerekeza ndi mlendo wakunja, koma popanda chitupa mkangano wake ngwautali, ndipo olakwa mumakhala inu. Amalipiritsa pa munthu aliyense pa tsiku, galimoto payokha. Tengani ndalama zina zapamanja. Netiweki kumeneko imabwera n'kupita, moti kudalira Airtel Money kapena Mpamba yokha n'kudziika pa mavuto.

Tsopano za boti. Ulendo umodzi umatenga maola ngati awiri, ndipo wabwino ndi wa madzulo, kuyambira cha m'ma 3 koloko kupita m'tsogolo. Chifukwa chake n'chosavuta: Shire amachokera ku nyanja ya Malawi, n'kudutsa m'nyanja ya Malombe kumpoto kwa paki n'kumatsikira kummwera, ndipo gawo lalikulu la paki lili kum'mawa kwa mtsinje. M'mawa mukamayang'ana gombe limenelo dzuwa limakhala m'maso, zithunzi zimatuluka zakuda. Madzulo dzuwa lili kumsana kwanu, likuwalira nyama, migwalangwa ndi mapiri a kuseri. Komanso nthawi imeneyo njovu zimakhala zatopa ndi kutentha, zatsikira kumadzi. Ulendo wa m'mawa uli ndi ubwino wake kwa okonda mbalame, komanso m'miyezi yozizira ng'ona zimachuluka pamchenga kuwothera dzuwa, kukamwa kuli yasa.

Mvuu n'zosawerengeka. Poyamba mumangoona ngati miyala yamwazikana pamadzi, kenako mwala umodzi ukugwedeza timakutu, n'kupemerera madzi m'mphuno, n'kumira. Imatha kukhala pansi mphindi ngati zisanu, ndiye woyendetsa boti wodziwa ntchito amawerenga zimene zamira ndipo sadutsa pakati pa gulu ndi madzi akuya, chifukwa mvuu ikadzidzimuka imathawira kwakuyako, ndipo chimene chili panjira imachigunda. Mukaona akuzungulira patali, si mantha ayi, ndiye ntchitoyo. Njovu nazo pamadzi zimakhala zofatsa kusiyana ndi pamsewu. Boti likazimitsa injini n'kumangotengedwa ndi madzi, mumafika pafupi moti mumamva bango likuzuka. Imakulunga mtolo ndi chitamba, n'kuzula, n'kumenyetsa pamadzi kangapo kuti matope achoke kumizu, kenako mkamwa. Mukachita mwayi muziona zikuwoloka mtsinje, zitamba zokha zili m'mwamba, ana ali pakati.

Mbalame m'pakiyi zilipo mitundu yoposa 400. Nkhwazi ndi akakowa aliyense aziona yekha, koma zina zimafuna gaidi. M'chilimwe pa timichenga ta pakati pa mtsinje pamakhala ma African skimmer, mbalame zimene mlomo wake wapansi ngwautali kuposa wapamwamba, ndipo zimauluka zikulemba mzere pamadzi ndi mlomowo posaka tinsomba. Kadzidzi wamkulu wodya nsomba, Pel's fishing owl, amene azungu ena amakwerera ndege kudzamufuna, amabisala m'mitengo yamasamba ambiri m'mbali mwa madzi. Popanda magalasi oonera patali zonsezi zikupitani. Amodzi okha pa banja lonse amayambitsa ndewu, bwerekani achiwiri.

Musanalipire boti funsani zinthu izi: mukhala anthu angati, lili ndi denga kapena ayi, majekete oyandamitsa alipo okwanira kuphatikizapo a saizi ya ana, ndipo likafika mpaka pati. Funso lomalizali n'lofunika kwa okwera maboti otchipirapo onyamukira m'tauni pafupi ndi baraji, chifukwa nthawi yambiri imathera panjira musanafike pamene nyama zachuluka. Injini ikazima pakati pa mtsinje musafulumire kukuwa. Nthawi zambiri amakhala namasupuni wakulunga ku pulopela, amangoikweza n'kuchotsa. Dzanja m'madzi ayi, ngakhale kutenthe bwanji, ndipo ana akhale mkati mwa mpando, osati kumphepete.

Amene anafikako kale zaka za m'mbuyomo apeza kusintha. Pakiyi inakhazikitsidwa mu 1973 ndipo ndi yaikulu masikweya kilomita 548, koma kwa nthawi yaitali inadzadza ndi misampha ya waya. Kuyambira 2015 ikuyendetsedwa ndi bungwe losamalira mapaki la African Parks mogwirizana ndi nthambi ya boma yoona za mapaki ndi nyama zakutchire. Anamanga mpanda wamagetsi, anabweretsa ma cheetah mu 2017, mikango mu 2018, zipembere 17 zochokera ku South Africa mu 2019, ndi mimbulu mu 2021. Njovu zinachuluka mpaka zina anazisamutsira ku Nkhotakota mu 2016 ndi 2017, zina 263 ku Kasungu mu 2022. Komabe musalonjeze ana kuti akaona zonsezi. Chipembere cha m'pakiyi chimadya masamba m'ziyangoyango, sichikonda poyera, ndipo ambiri amabwerako osachiona. Mikango masana imagona pamthunzi. Nyamalikiti kulibe, zimenezo n'za ku Majete. Zimene simungaphonye ndi njovu, mvuu, ng'ona, anakodzwe odzadza dambo lonse, nswala, njiri, ngoma ndi anyani. Njati ndi mphalapala zimafuna kuyenda pang'ono.

Ngati thumba likulola, lipirani ulendo umodzi wa galimoto ya pakampu, wa m'mamawa. Mipando yake ndi yokwera, mumaona pamwamba pa udzu, ndipo magaidi amauzana kumene zilombo zaoneka. Amadziwanso kuwerenga mapazi pafumbi ndi kutsata miimba ikamatera pamtengo umodzi. Woyendetsa yekha alowe chipata chikangotsegulidwa 6 koloko, chifukwa ikamakwana 10 nyama zalowa m'mithunzi. Galimoto ikhale yokwera pansi. Ka Vitz kapena Sienta m'chilimwe kakhoza kuyenda mumsewu waukulu mosamala, koma tinjira tolowera kudambo ndi ta dothi lamakande: kukauma limang'ambika ndipo mapazi a njovu amasiya maenje olimba, kukagwa mvula limaterera n'kumata matayala mpaka ngakhale ya magudumu anayi imatitimira. Tayala lapadera likhale ndi mpweya, jeke ikhale yogwira, ndipo ponyanimo kathabwa koikapo jekeyo. Zitsa za mitsanya imene njovu zathyola zimang'amba tayala cham'mbali, pamene sipamatika. Likaphulika musatsike chisawawa, imbirani nambala ya pachipata, imene muyenera kuilemba polowa.

Njovu ikatseka msewu, imani patali, siyani mpata wobwerera m'mbuyo, ndipo hutala musaikhudze. Yaikazi yokhala ndi mwana, ndi yamphongo imene ikutuluka madzi m'mbali mwa mutu ndi kunyowa miyendo yakumbuyo, zimenezo zipatseni njira yonse. Ikayamba kupukusa mutu ndi kutambasula makutu, mwayandikira kwambiri. Kudikira kumatha kufika theka la ola, ndiye pobwerera kuchipata madzulo muziwerengera zimenezo.

Nyenyezi yachisanu yapita ndi zinthu zitatu. Choyamba ndi kutentha. Lilongwe ili pamtunda wa mamita oposa 1,000, pamene Liwonde ili pansi cha m'ma 500, ndipo mu Okutobala ndi Novembala kumafika madigiri pafupifupi 40. Nthawi imeneyo nyama zimaonekadi bwino poti zonse zimadalira mtsinje, koma kwa ana aang'ono ndi agogo ndi chilango. Juni mpaka Ogasiti ndiye miyezi yabwino kwa banja, kungoti m'mamawa pa galimoto yotsegula pamafunika juzi. Madzi akumwa muwerengere malita atatu pa munthu pa tsiku. Chachiwiri ndi akashembe a m'mitsanya. Amaluma ngati singano yamoto, amaboola ngakhale malaya opyapyala, amatsatira galimoto yoyenda ndipo amakopeka ndi zovala zabuluu ndi zakuda. Valani za khaki kapena zotuwa, za manja aatali, ndipo podutsa m'nkhalango yothithikana kwezani magalasi.

Chachitatu ndi mitengo ya malo ogona. Am'kati mwa paki, monga Mvuu ndi Kuthengo, ndi okongola ndipo muli pamtsinje penipeni, koma mitengo yake ndi ya madola. Funsani mtengo wa Amalawi, ambiri ali nawo koma sauika poyera. Chimwala ndi kampu yodziphikira nokha, yabwino mukakhala gulu. Otchipirapo ali cha ku chipata cha kummwera, ndipo ena amalola kukhoma tenti yanu. Kulikonse kumene mwasankha, funsani ngati mtengowo ukuphatikiza chakudya, ndalama ya pachipata, boti ndi galimoto, chifukwa malo ooneka otchipa amatha kudula kuposa enawo zonsezi akaziwerengera pazokha. Magetsi ambiri ndi a sola, ndiye mafoni tchajani masana ndipo ketulo yamagetsi isiyeni kunyumba. Usiku mvuu zimatuluka kudzadya msipu mpaka pakati pa matenti. Akati dikirani mlonda akuperekezeni, dikirani, ngakhale chimbudzi chili pafupi. Chakudya musasiye patebulo kapena m'galimoto yotsegula, apusi ndi anyani a m'makampu amadziwa kutsegula chikwama.

Kupita ndi kubwera tsiku lomwelo kuchokera ku Lilongwe n'kutaya mafuta: mufika dzuwa lili paliwombo, nyama zitabisala, n'kunyamuka nthawi ya boti isanakwane. Mugone masiku awiri. Tsiku lofika kwerani boti la madzulo, m'mawa mwake galimoto, masana mupume, madzulo botinso ngati ndalama ilipo, popeza mtsinjewo suonetsa zofanana kawiri. Udzudzu ngwambiri m'mbali mwa Shire, choncho gonani m'neti ndi kudzola mankhwala othamangitsa kuyambira dzuwa likamalowa. Wina akatentha thupi patatha sabata imodzi kapena ziwiri mutabwerako, akayezetse malungo tsiku lomwelo, ndipo adokotala muwauze kuti munali ku paki komanso ngati munalumidwa ndi kashembe.