Shopu yosindikiza ndaipatsa nyenyezi zitatu basi, anadula m'mphepete mwa kope la agogo

Ntchito yatuluka ndithu, koma mnyamata wa pa makina odulira mapepala uja sindinamukhululukirebe.

Tinapititsa kope la malemu agogo ku shopu ina yosindikiza ku Area 3 kuti alikonze, alitayipe, atisindikizirenso mabuku ogawira zidzukulu. Agogo anaphunzira uphunzitsi ku Nkhoma, ndipo m'kopemo analemba pamanja zimene ankamva kwa akuluakulu: za Makewana ndi kachisi wa mvula ku Msinja, za Kaphirintiwa ku Dzalanyama, mpaka za njala ya 1949 imene anaiona ndi maso awo. Mtengo ku shopuko anawerengera pa tsamba, chikuto padera.

Tsiku lokatenga, nditatsegula kope lenilenilo, ndinangoti kakasi. M'mphepete monse adula! Akuti munali modyedwa ndi chiswe, ndiye amafuna lioneke bwino. Chonsecho m'mphepetemo ndi momwe agogo ankalemba ndi pensulo dzina la munthu amene wawafotokozera nkhani iliyonse, mudzi wake ndi mfunda wake, kaya ndi Phiri kaya ndi Banda. Pena patsala theka la dzina, pena chilembo chimodzi chokha. Nditafunsa, mnyamatayo anandiyankha maso ali pa foni kuti, "Bambo, zinali zongolembalemba zimenezo." Zongolembalemba! Mbiri yopanda dzina la woinena, adzaikhulupirira ndani? Ngakhale pepani sanatuluke m'kamwa mwake.

Anandiziziritsa mtima ndi mayi wachikulire amene amatayipa. Iwo anali atajambula kale tsamba lililonse pa sikana kope lisanapite kodula, moti mayina onse anali mu kompyuta. Anawaika m'munsi mwa masamba a mabuku atsopanowo osandilipiritsa. Pa kutayipa ndiye ndawagomera. Agogo ankalemba kalembedwe kakale ka kumishoni koika "c" pamene lero timaika "ch". Mayiwo anayamba andifunsa kaye, kenako anasintha zimenezo zokha, mawu a agogo osachotsapo ngakhale limodzi. Pamene inki inafufutika anasiya mpata m'malo mongopeka. Ana tsopano akuwerenga osadodoma, ndipo mabukuwo ndi osoka ndi ulusi, sakuthothoka masamba.

Komabe kope la agogo lija silidzabwereranso mwakale. Mukapita ndi zolemba zakale, kaonaneni ndi mayiwo, ndipo munenetse kuti chimene mwabweretsacho chisayandikire mpeni.