Marriott Bonvoy kwa wogona ku Ryalls: masiku awiri akuwerengedwa ngati limodzi

Ngati mumagona pafupipafupi ku Ryalls, hotelo ya Protea pa Hannover Avenue ku Blantyre, ndipo muli ndi nambala ya Marriott Bonvoy, ndondomeko ya mapointi ya mahotelo a Marriott, tsegulani app yanu muone masiku amene akulemberani chaka chino. Mupeza kuti ndi ochepa kuposa amene munagonadi. Musawakalipire a pa risepushoni, sanalakwitse kanthu. Ndi lamulo la Marriott lomwe: m'mahotelo a Protea, masiku awiri ogona amawerengedwa ngati tsiku limodzi pa mulingo wa umembala wanu, ndipo dola iliyonse imene mwalipira imabala mapointi 5, pomwe m'mahotelo monga Marriott, Sheraton kapena Courtyard imabala 10. Kale Protea inkawerengedwa mofanana ndi anzakewo. Kusinthaku kunawapweteka kwambiri apaulendo a kuno kum'mwera kwa Africa, chifukwa kuno dzina la Marriott limapezeka makamaka kudzera mu Protea, imene kampaniyi inagula mu 2014.

Tiyambe ndi masamu a masikuwo, poti ndi pamene pagona nkhani. Milingo ya Bonvoy ndi isanu: Silver imafuna masiku 10 pachaka, Gold 25, Platinum 50, Titanium 75, ndipo Ambassador imafuna 100 kuphatikizapo ndalama zokwana madola 23,000 zolipira ku mahotelo awo. Kuwerenga kumayambiranso pa 1 Januwale. Tsono masiku a ku Protea sawaphatikiza onse a chaka n'kugawa pawiri ayi, amagawa ulendo uliwonse pawokha, ndipo chotsalira chimatayika. Mukagona usiku umodzi simulandira tsiku lililonse. Mukagona masiku awiri mulandira limodzi. Atatu, limodzi lomwelo. Anayi, awiri. Asanu, awiri.

Taonani zimene zikuchitikira munthu wa ku Lilongwe amene amatsika ku Blantyre Lachiwiri n'kubwerera Lachisanu. Amagona masiku atatu, amalembedwa limodzi. Kuti afike pa Gold ayenera kuyenda maulendo 25 otere, ndiye kuti masiku 75 pabedi la hotelo, amene ku Sheraton akanamufikitsa pa Titanium. Nanga amene amabwera madzulo, kuchita msonkhano m'mawa ku banki pa Victoria Avenue kapena ku fakitale ku Makata, n'kubwerera masana? Ameneyo angagone usiku umodziumodzi chaka chonse, sadzaona ngakhale Silver. Mapointi alandira ndithu, koma mulingo sukwera. Ndipo maulendo ambiri a ntchito pakati pa mizinda iwiriyi ndi a mtundu umenewu.

Ena amayesa nzeru yotuluka m'chipinda m'mawa n'kulowanso madzulo kuti ulendo uoneke ngati maulendo awiri. Sizithandiza. Masiku otsatizana pa hotelo imodzi amatengedwa ngati ulendo umodzi, ndipo ku Protea kudula ulendo n'kudzibera nokha. Chimene chimathandiza n'kukonza maulendo kuti masiku akhale awiri, anayi kapena asanu ndi limodzi, ngati ntchito ikulola. Koma kulipira usiku wachinayi umene simukuufuna kuti mupeze tsiku limodzi la mulingo n'kutaya ndalama, pokhapokha ngati Disembala wafika ndipo mwatsala ndi tsiku limodzi kapena awiri kuti mukwere.

Pa mapointi, tiyerekeze kuti chipinda ndi madola 150 pa usiku misonkho isanalowe. Masiku awiri ndi madola 300, mapointi 1,500. Wa Gold amaonjezeredwa 25 peresenti, ndiye apeza 1,875. Wa Silver amaonjezeredwa 10 peresenti, wa Platinum 50, wa Titanium 75. Madola 300 omwewo ku Marriott ya ku Melrose Arch ku Johannesburg angabale mapointi 3,000 bonasi isanabwere. Amene amawerengera mtengo wa mapointi a Bonvoy amaika pointi imodzi pansi pang'ono pa senti imodzi ya dola, choncho chimene chikubwerera kwa wogona ku Protea ndi cha m'ma 3 kapena 4 peresenti ya zimene walipira. Sizoipa poti kulowa m'ndondomekoyi n'kwaulere, koma si ndalama yoti munthu asiyire hotelo yotsika mtengo ndi madola 20. VAT ndi msonkho wa zokopa alendo sizibala mapointi. Chakudya ndi zakumwa zimabala ngati mwazilembetsa kuchipinda. Mukalipira pa tebulo pomwepo ndi khadi kapena kashi, sizilowa pa bilu ya chipinda, ndipo apa ndi pamene anthu ambiri amatayira mapointi osadziwa.

Kusintha kwachiwiri kunakhudza dziko lonse lapansi, ndipo ndi kumene akale m'ndondomekoyi amadandaula nako mpaka lero. Bonvoy inayamba mu Febuluwale 2019, Marriott itaphatikiza ndondomeko zakale za mapointi za Marriott Rewards, Ritz-Carlton Rewards ndi SPG ya Starwood, kampani imene Marriott inagula mu 2016. Nthawi imeneyo mahotelo anali m'magulu asanu ndi atatu ndipo gulu lililonse linali ndi mtengo wodziwika: gulu loyamba mapointi 7,500 pa usiku, lachiwiri 12,500, lachisanu ndi chitatu 85,000. Mahotelo ambiri a Protea anali m'magulu apansiwo, n'chifukwa chake anthu a kuno ankaikonda ndondomekoyi. Munthu ankadziwa kuti akasonkhanitsa mapointi akutiakuti agona masiku akutiakuti. Mu Malichi 2022 tchatichi chinachotsedwa. Tsopano mtengo wa mapointi umakwera ndi kutsika monga umachitira wa ndalama, malinga ndi tsiku komanso kuchuluka kwa alendo. Chipinda chomwecho Lachitatu pamene mu tauni muli msonkhano waukulu chingafune mapointi ambiri kuposa Loweruka.

Apaulendo sanakulandire mofanana kusinthaku. Amene anachokera ku SPG ndiwo amalankhula mowawidwa mtima kwambiri, amati malonjezo ambiri tsopano ali ndi mchira wakuti zitheka ngati malo alipo. Gulu lina linangosiya kuthamangitsa mulingo: nambala amaperekabe, mapointi amatola, koma hotelo amasankha poona mtengo ndi kufupika kwa kumene akukagwira ntchito, kaya ndi Sunbird Mount Soche, Amaryllis kapena loji ya ku Namiwawa. Ndiye pali amene sizinawakhudze kwenikweni, omwe maulendo awo ambiri ndi a ku Johannesburg, Nairobi kapena Dubai, kumene mahotelo owerengedwa mokwanira ndi ambiri, ndipo Ryalls imangoonjezera pang'ono. Kwa ife, a gulu lachiwiri ndiwo awerenga bwino masamu. Dandaulo lawo lina ndi lomveka: ku America ndi mayiko ena kuli makhadi a banki a Bonvoy amene amapatsa munthu masiku 15 chaka chilichonse asanagone n'komwe, pamene mabanki a kuno alibe khadi lotere. Mmalawi akupikisana pa chipinda chabwino ndi mlendo amene anayamba mpikisano ali kale patsogolo, iye masiku ake akudulidwa pakati.

Kodi mulingowo umabweretsa chiyani chogwirika? Silver, kupatula bonasi ija, ndi dzina chabe. Gold imakupatsani mwayi wotuluka m'chipinda 2 koloko masana ndi wokwezedwa kupita ku chipinda chabwinoko, zonse ngati malo alipo. Pa Platinum ndi pamene zinthu zimayamba kukoma: kutuluka 4 koloko madzulo, kumene ndi lonjezo m'mahotelo ambiri, komanso mwayi wopatsidwa suite, chipinda chachikulu chapamwamba, ikakhala yopanda munthu. Kwa amene ndege yake inyamuka madzulo ku Chileka, kapena amene msonkhano umatha 3 koloko ndipo akufuna kusamba asanaimenye M1, kutuluka mochedwaku n'kwaphindu ndithu. Koma Platinum kudzera mu Protea yokha ndi masiku osachepera 100 pachaka. Ndi anthu angati amagona masiku 100 mu hotelo imodzi? Mulingo wamuyaya ndiye musaufunse: Gold yamuyaya imafuna masiku 400 ndi zaka zisanu ndi ziwiri pa mulingowo, Platinum masiku 600 ndi zaka khumi.

Pali malo amodzi pamene mapointiwa ali ndi mphamvu kwa Mmalawi kuposa kwa mzungu, ndipo sakambidwa kawirikawiri. Mapointi amawerengedwa pa dola. Kwacha itagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mapointi amene anali mu akaunti sanagwe nayo. Ndipo pamene forex ikuvuta m'mabanki, khadi likukana kulipira kunja, usiku wa ku Johannesburg kapena Lusaka wolipira ndi mapointi sufuna kuti mukafole kupempha madola. Amene akuperekeza wodwala ku South Africa kapena mwana ku yunivesite amadziwa kulemera kwa zimenezi. Nyamulanibe khadi logwira ntchito kapena ndalama pang'ono, chifukwa mahotelo ambiri amafuna dipoziti ya zakudya ndi zina polowa. N'chifukwa chake timati mapointi otoledwa ku Blantyre akagwire ntchito kunja, kuno lipirani makwacha. Kugula mapointi pa intaneti ndiye ayi, kumadya forex yomwe mukufuna kupulumutsayo.

Musanawononge mapointi, chitani kasamu aka. Tengani mtengo wa chipinda m'madola pamodzi ndi misonkho, mugawe ndi mapointi amene akufunidwa. Chipinda cha madola 160 chofuna mapointi 20,000 chikukupatsani masenti 0.8 pa pointi, apo tengani. Chomwecho chikafuna 32,000 mwatsikira pa theka la senti, lipirani ndalama mapointi musunge. Onaninso masiku oyandikana nawo pa kalendala ya mu app, kusuntha ulendo ndi tsiku limodzi nthawi zina kumasintha mtengo kwambiri. Mukabukitsa masiku asanu otsatizana ndi mapointi, usiku wotsika mtengo pa asanuwo umakhala waulere, choncho ulendo umodzi wa masiku asanu ndi wabwino kuposa kudontheza mapointi pa usiku umodziumodzi. Kusunga mapointi zaka zambiri sikulinso kwanzeru popeza palibe tchati chotsimikizira mtengo wa mawa. Ndiponso akaunti ikakhala miyezi 24 osalowa kapena kutuluka kanthu, mapointi onse amafufutidwa. Ngati muli awiri m'banja, mmodzi angatumizire mnzake mapointi mpaka 100,000 pachaka mwaulere, zimene zimathandiza kukwanitsa masiku asanu aja. Kusandutsa mapointi kukhala mamailosi a ndege kumatheka, atatu kubala imodzi, koma kwa wotola 5 pa dola zimatenga nthawi yaitali kuti zifike pa tikiti.

Mavuto ambiri amene anthu amakumana nawo sachokera ku malamulo atsopano, amachokera pa kabukitsidwe. Chipinda chodzera ku Booking.com kapena Expedia sichibala mapointi kapena tsiku, ngakhale mupereke nambala yanu pa kauntala, ndipo hotelo sikakamizidwa kukupatsani zabwino za mulingo wanu. Bukitsani pa app, pa webusaiti ya Marriott kapena kuhotelo komweko, ndi kumenenso kumapezeka mtengo wa mamembala. Vuto lachiwiri ndi la kuno kwenikweni, la mawekishopu. Bungwe likabukitsa zipinda 30 n'kulipira zonse pa invoisi imodzi ya msonkhano, ogonawo nthawi zambiri salandira kanthu. Zimasiyana ndi pamene mwalipira nokha chipinda chanu ndi alawansi, kapena pamene kampani yakulipirirani ulendo wanu wa ntchito wosakhala wa gulu. Funsani musanalowe kuti mtengo umene ofesi yanu inagwirizana ndi hotelo umabala mapointi kapena ayi. Mukalipirira anzanu, mapointi mungalandire pa zipinda mpaka zitatu, koma masiku amawerengedwa a chipinda chimene mwagonamo nokha.

Potuluka, musangosaina n'kuthamangira galimoto. Itanitsani bilu yonse yosindikiza ndipo muone zinthu zitatu: dzina lilembedwe ndendende monga lilili pa akaunti ya Bonvoy, nambala ya umembala ioneke, ndipo mtengo wa chipinda usiyanitsidwe ndi misonkho. Dzina ndi limene limagwetsa ambiri. Sekilitale wabukitsa ndi dzina lachikhristu pomwe akaunti ili ndi dzina la makolo, kapena mayi anatsegula akaunti asanakwatiwe, kompyuta imaona anthu awiri osiyana. Ijambuleni biluyo pa foni. Mapointi amalowa pakapita masiku ochepa, ndipo akapanda kuoneka pali fomu pa webusaiti yodandaulira ulendo wosalembedwa, imene imafuna chithunzi cha biluyo. Risiti ya makina a khadi siikwanira chifukwa sisonyeza masiku amene munagona.

Ryalls payokha sinasinthe chifukwa cha zonsezi. Ndi hotelo yakale ya m'ma 1920, ili pakatikati pa tauni, mabanki ndi maofesi ambiri mumafikako wapansi. Ngati mumaikonda pa zifukwa zimenezo, perekani nambala yanu ulendo uliwonse, mapointi 5 pa dola ndi abwino kuposa kusapeza kanthu. Amene amagonanso ku Protea za ku Chipata, Lusaka kapena pafupi ndi bwalo la ndege la O.R. Tambo akumbukire kuti lamulo la theka lija limawatsata konseko. Kumene kuli Protea ndi hotelo ina ya Marriott pa mtengo wofanana, monga ku Johannesburg, wofuna Gold asankhe inayo, makamaka pa ulendo wa usiku umodzi.