Krita, pulogalamu yomwe yandibwezera dzanja langa lojambula

Anzanga ena mwakhala mukundifunsa kuti kodi zithunzi zija ndikumajambulira chani pa kompyuta, nde ndati ndingolemba kamodzi. Ndi Krita, ndipo ndayigwiritsa ntchito pafupifupi usiku uliwonse kwa miyezi ingapo tsopano.

Ine ndinasiya kujambula zaka zambiri, ntchito, ana, kutopa, pensulo inangogona mu dirowa basi. Anandibweza ndi agogo anga. Anatisiya opanda chithunzi chooneka bwino olo chimodzi, ndiye tsiku lina ndinazindikira kuti nkhope yawo yayamba kufufutika m'mutu mwanga, mawu awo ndikuwamva koma maso awo sindikuwaonanso bwino, mtima unandiwawa kwambiri. Palibe anandituma, palibenso adzandilipire, koma ndikapanda kujambula nkhope imeneyo ndani adzaisunge?

Krita ndi yaulele, mumangopanga dawunilodi pa krita.org, ilipo ya Windows, Mac, Linux komanso Android. Pa Steam ndi Microsoft Store amagulitsa koma ndi yomweyomweyo, ndalamazo zimangothandiza anthu omwe amaikonza. Inabadwira mu gulu la KDE lomwe limapanga mapulogalamu aulele a pa kompyuta, dzina loti Krita linabwera mu 2002 ndipo m'chinenero cha ku Sweden limatanthauza choko kapena krayoni. Pambuyo pake anakhazikitsa bungwe la Krita Foundation ku Netherlands, kenako ojambula eni ake anasonkha ndalama pa Kickstarter, webusaiti yosonkherapo ndalama, mu 2014, 2015 ndi 2016 kuti ntchito ipite patsogolo. Mbiri imeneyi imandikhudza ine, chifukwa ukaitsegula umachita kuona kuti anaipanga anthu oti amadziwa kuwawa kwa mzere wokana kutuluka mmene ukufunira.

Chomwe ndimaikondera kwambiri ndi stabilizer, kachida kothandiza kuti mzere usagwedezeke. Dzanja langa limanjenjemera pang'ono, makamaka ndikatopa, nde kameneka kamachedwetsa mzere pang'ono kuti uzitsatira cholembera mofatsa, makwinya a pamphumi pa agogo ndinawakwanitsa chifukwa cha iko, pa pepala ndikanafufuta mpaka kuboola. Chinanso, mukadina M chithunzi chimatembenuka ngati pa galasi, ndipo pamenepo mpamene umaona kuti diso lina lakwera lina latsika, zomwe maso ako anazolowera kale osaziona. Ma layer nawonso, omwe ali ngati mapepala oonekera mkati osanjikizana, sikechi pansi, mitundu pakati, kuwala pamwamba, ukalakwitsa khungu sukhudza mizere. Maburashi ndi ambirimbiri koma ine ndimangokhalira atatu, ya pensulo, ya makala ndi ina yosakaniza mitundu ngati penti yamadzi. Mukadina kumanja kwa mausi kapena kabatani ka pa cholembera kamatuluka kabwalo kokhala ndi maburashi anu ndi mitundu pomwepo, osachotsa maso pa ntchito.

Kuyambira version 5.0 ya mu 2021 muli Recorder yomwe imasunga mmene chithunzi chikukulira nkupanga kavidiyo. Ndinaonera kanga koyamba katatu, kuona mmene ndinafufutira mphuno mobwerezabwereza osagwa ulesi. Animation, yopangira zithunzi zoyenda ngati makatuni, ilimonso kuyambira 2016 koma kumeneko sindinafikeko.

Zovuta zilipo ndithu. Pa foni yaing'ono mabatani amathithikana, ya Android ija inaganiziridwa ma tabuleti. Ndi mausi mutha kuyamba koma kukoma kwake kumamveka mukapeza tabuleti yojambulira yomwe imamva mmene mwakanikizira cholembera. Chithunzi chikakula nkukhala ndi ma layer ambiri kompyuta ya RAM yochepa imayamba kulemedwa, nde muziphatikiza ma layer omwe mwamaliza. Ndipo ngati cholinga chanu ndi kukonza mafoto basi, pulogalamu ina yotchedwa GIMP ikuyenerani kuposa iyi.

Kwa amene dzanja likumuyabwa kuti ajambule, itengeni, ine ndikuipatsa nyenyezi zisanu. Chithunzi cha agogo ndachiyambanso kokwana ka 11 tsopano, pakamwa pafika, amayi atachiona anangokhala chete nthawi yaitali kenako nkuti maso aja sanafike. Usiku uno ndikubwerera pa layer ya maso.