Khola logawa pakati la akalulu anga, patatha miyezi 8

Khola limeneli ndinalipangitsa mu Epulo kwa wowotcherera zitsulo wina kuno ku Area 25, ndipo ndinalipangitsa mtima uli m'mwamba. Ufa ndi Khala, akalulu a ana anga, ndi amuna okhaokha a bere limodzi. Tinawagula mu Febuluwale ali ndi miyezi 2, akugona mounjikana, akudyera m'mbale imodzi. Atakwanitsa miyezi 4 zinthu zinatembenuka. Anayamba kuthamangitsana, kukwerana, kuwaza mkodzo m'makoma, ndipo m'mawa wina ndinapeza ubweya uli mbwee, khutu la Khala litang'ambika. Si kuti anadana. Pa msinkhu umenewu mahomoni amayamba kugwira ntchito, ndipo mwamuna aliyense amafuna malo akhale ake, m'bale kaya asakhale m'bale.

Kholalo ndi lachitsulo, mamita 2 m'litali, ndipo pakati pake pali chotchinga cha waya chomwe chimatheka kuchotsa. Poyamba chotchingacho chinali cha waya mmodzi, ndipo apa ndi pomwe ndinalakwitsa. Kalulu wokwiya amalowetsa mphuno pabowo, mnzake n'kuiluma. Sabata isanathe Ufa anali ndi bala pamlomo. Ndinabwereranso kukawonjezera waya wachiwiri, pakati n'kusiya mpata wolowa zala zitatu. Kuyambira pamenepo ankaonana, kununkhizana, koma mano osafikana. Amene mukufuna kupangitsa khola lotere, mpata umenewu muuumirire, ngakhale mmisiri akuuzeni kuti mukungowononga waya.

Koma chotchinga pachokha sichinathetse mkwiyo. Ankangoyenda uku ndi uku m'mbali mwa waya, akumenya pansi ndi miyendo yakumbuyo. Mu Meyi ndinawatengera kwa dokotala wa ziweto kukawathena onse awiri. Anansi anadabwa, poti kwathu kuno kalulu timamudziwa ngati ndiwo, koma kwa ana anga awa ndi anzawo. Ngati nanunso mwaganiza zothena, yambani mwafunsa ngati dokotalayo anazolowera akalulu. Kalulu sasanza, choncho samukhalitsa ndi njala opaleshoni isanachitike ngati momwe amachitira ndi galu, ndipo akabwerako ayenera kuyamba kudya msanga chifukwa matumbo ake akaima ndi zoopsa. Khala anakana gaga ndi udzu womwe, mpaka nditamubweretsera chisoso ndi kholowa m'pomwe mtima wanga unakhala pansi.

Kenako kunali kudikira, ndipo apa kholali linagwira ntchito yake yeniyeni. Mahomoni satha tsiku lothenalo, amatsika pang'onopang'ono, ndipo ine ndinadikira masabata 6. Nthawi imeneyo, pakapita masiku awiri ndinkawasinthanitsa zipinda kuti aliyense azolowere kugona pafungo la mnzake, pasakhale woti apa ndi panga. Fungo loipa la mkodzo lija linachepa kwambiri.

Mu Julayi ndinayamba kuwakumanitsa kubafa, malo omwe onse sanafikeko, kwa mphindi 10, ine ndili pomwepo ndi chivundikiro cha ndowa chowalekanitsira. Tsiku lachitatu anagwirana zenizeni, ndinangotsala pang'ono kutaya mtima. Ndinapumira masiku angapo n'kuyambiranso. Kukwerana ndi kuthamangitsana pang'ono ndinkangokusiya, poti umo ndi momwe amagwirizanira za wamkulu, koma akayamba kuzungulirana mofulumira makutu atagona kumbuyo, ndinkalowererapo msanga. Patapita pafupifupi masabata atatu, Ufa anaika mutu pansi pa chibwano cha Khala, Khala n'kuyamba kumunyambita pachipumi. Mwana wanga wamkazi analira ndi chimwemwe. Tsiku lomwe ndinachotsa chotchinga ndinayamba ndatsuka khola lonse ndi viniga kuti fungo lakale lichoke.

Chitsulocho chidakalimba mpaka pano, kupatula loko wa chitseko yemwe wachita dzimbiri ndi mkodzo. Pansi pa kholali, pomwe panali pa waya, sindinapakonde, pankawatupitsa mapazi, ndiye ndinayalapo matabwa ndi udzu wouma. Denga lamalata linavuta mu Okutobala. Kalulu sapirira kutentha, ndipo ndinachita kusamutsira khola pansi pa mtengo wa mango n'kuphimba malatawo ndi udzu. Komanso mamita 2 ndi ochepa kwa akalulu awiri akuluakulu, moti madzulo alionse ndimawatulutsa kuti athamange pakhonde. Ndikanati ndipangitsenso lero, ndikanawonjezera mita ina n'kuikamo mobisala muwiri, monse motulukira kuwiri, kuti wothawa asatsekeredwe pakona.

Chotchinga chija sindinachitaye. Mu Novembala Khala anadwala diso, ndipo pokaonana ndi dokotala ndinawatenga onse awiri m'dengu limodzi, chifukwa mmodzi akabwera ndi fungo lachilendo mnzake amatha kumuukira. Anabwerako mwamtendere, chotchingacho chili pomwe ndinachitsamiritsa kuseri kwa khitchini.