Foni yoti ipirire dzuwa la kwa Ngabu: Itel, Tecno, Samsung kapena iPhone?

Mwezi uno wokha anthu anayi andifunsa funso limodzi: "Achimwene, ndigule foni yanji?" Womaliza anali mlamu wanga wa ku Bangula, amene anandiimbira usiku ndili m'tulo. Ndiye ndaganiza zolemba kamodzi, aliyense wofunsa ndizingomutumizira.

Ine ntchito yanga ndi yogula ndi kugulitsa ng'ombe ndi mbuzi. Ndimagula kwa Ngabu, ku Bangula, nthawi zina kutsidya kwa Shire cha ku Makhanga, ndipo ogula anga ambiri ndi a mabutchala a ku Blantyre ndi ku Limbe. Kale ankatsika okha mapiri a Thabwa kudzaona chiweto ndi maso. Masiku ano amangoti, "Tumizani chithunzi pa WhatsApp." Chithunzi chikatuluka choipa, mtengo umatsika ng'ombe ili yomweyo. Ndiye ndikamanena za kamera sindikunena za kudzijambula pa ukwati ayi, ndikunena za nsima ya ana anga.

Ndiyambe ndi chilonda changa.

Chaka chatha mu Seputembala ndinali ku Limbe, m'thumba muli kangachepe nditagulitsa ng'ombe ziwiri. Pa shopu ina, yomwe sindiitchula, mnyamata wolankhula mwaulemu anandionetsa foni yaikulu yonyezimira, kumbuyo kuli maso a kamera anayi. Pabokosi panalembedwa kuti kamera ndi ya 108MP, malo osungira zinthu 256GB. Mtengo unali pafupifupi theka la umene ndinauona m'mashopu akuluakulu. "Bwana, katunduyu wangofika dzulo, mwatsala inu nokha." Ndinawerenga ndalama. Risiti anati buku latha, ndipo ine chifukwa chothamangira minibasi ya ku Nsanje sindinaumirire.

Patapita masiku atatu ndinajambula ng'ombe yakuda, yonenepa bwino, dzuwa lili paliwombo. Chimene chinatuluka chinali chinthu chakuda bii, chopanda msana, chopanda linunda, maso osaoneka. Wogula anayankha kuti, "Mdala, imeneyi ndi ng'ombe kapena thumba la makala?" Ndinapita nayo foniyo kwa mwana wa mchemwali wanga amene amakonza mafoni pa Nchalo. Sanaitsegule n'komwe. Anayatsa kamera, n'kuyamba kutseka maso aja limodzilimodzi ndi chala. Loyamba, chithunzi chilipo. Lachiwiri, chilipo. Lachitatu, chilipobe. Atatseka lachinayi mpamene kunada. "Malume, kamera ndi imodzi iyi. Enawa ndi mikanda." Malo osungira zinthu aja anadzaza nditangojambula mavidiyo ochepa, pamene mu Settings foniyo inkalimbikirabe kunena kuti ili ndi 256GB. Okutobala atafika, batire linatupa, chivundikiro chakumbuyo n'kutukuka ngati mandasi m'mafuta. Nditabwerera ku Limbe, mnyamata uja anandiyang'ana ngati sanandionepo chibadwire.

Choncho musanandifunse za dzina la foni, chitani izi muli m'shopu momwemo: imbani *#06#. Foni iwonetsa IMEI, nambala yakeyake yoizindikirira, ziwiri ngati ndi yolowa ma SIM awiri. Nambalazo zifanane ndi za pabokosi. Tsekani maso a kamera ndi chala monga anachitira mphwanga, podziwa kuti ngakhale pa mafoni enieni maso ena amangothandizira lalikulu kapena amagwira ntchito pokhapokha mutasintha kajambulidwe mu kamera, ndiye yesani njira zonse zojambulira musanagamule. Ikani SIM yanu, muone ngati 4G ikubwera. Ndipo risiti isatsale, ngakhale kondakitala akuwe bwanji.

Tsopano mafoni enieniwo. Itel, Tecno ndi Infinix ndi ana a bambo mmodzi, kampani ya ku China yotchedwa Transsion, ndiye mukamakangana pabawo kuti yabwino ndi iti, dziwani kuti ndalama ikupita m'thumba limodzi. Itel ndi mwana wamng'ono: yotsika mtengo, batire lokhalitsa, zambiri zimayendera Android Go yomwe ndi yopepuka. Kwa mayi anga, amene ntchito yawo ndi kulandira ndalama pa Mpamba ndi kumvera mauthenga a mawu a gulu la kutchalitchi, Itel ikukwana. Kwa wojambula katundu wogulitsa, kamera ya Itel zotsikitsitsa ndi yongoyerekeza. Infinix anyamata amaikonda chifukwa cha sikirini yaikulu ndi magemu, ine ndilibe nayo nkhani.

Samsung ya mtundu wa Galaxy A ndi foni yabwino, ndisaname. Chithunzi chake chimakhala cha mtundu weniweni, ndipo kampaniyo imapitiriza kutumiza zokonza mapulogalamu kwa zaka zambiri kuposa mafoni otsika mtengo a anzawo. Vuto ndi thumba. Kuchokera pamene kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, itagwetsedwanso ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, ndalama imene ikugulirani Tecno Spark ya malo okwanira imakugulirani Samsung ya pansi penipeni. Ndipo zambiri zatsopano zimabwera popanda mutu wa chaja m'bokosi, mukagule padera.

Za iPhone, anthu akuno amagula yakale, yochokera ku Joni kapena ku America. Kamera yake palibe angatsutse. Koma funsani zinthu ziwiri. Choyamba, kuyambira iPhone 14 ya 2022, zogulitsidwa ku America zilibe polowetsa SIM, zimafuna eSIM yokha, SIM ya m'kati mwa foni yopanda khadi, ndiye munthu wozolowera kusinthasintha makhadi kutengera kumene waima adzavutika. Chachiwiri, eni ake a Apple amanena okha kuti foni yawo igwiritsidwe ntchito pamalo otentha pakati pa madigiri 0 ndi 35. Aliyense amene anakhalapo kwa Ngabu kapena ku Nsanje mu Okutobala ndi Novembala akudziwa kuti 35 kuno ndi tsiku labwino, la chisomo. Masana timadutsa 40. Ikatentha kwambiri imalemba chenjezo n'kukana kugwira ntchito mpaka izizire. Onjezani kuti batire la foni yakale latopa kale, ndipo sikirini ikasweka muyenera kukwera mtunda kukafuna ku Blantyre.

Nkhani ya kutentha ndiimepo pang'ono, chifukwa anthu a kumtunda amene amalangiza za mafoni saidziwa. Batire la foni iliyonse, kaya yodula kaya yotchipa, limaonongeka msanga likamatchajidwa lili lotentha. Kuno timachita zonse zolakwika nthawi imodzi: foni ili m'chikopa chokhuthala, taisiya pa kabenchi ka wotchaja ndi sola pansi pa malata, nthawi ili 1 koloko masana, ndipo tikuonera vidiyo ikutchaja. Kapena yagona pa dashibodi ya minibasi kuchokera pa Dyeratu mpaka Bangula. Ine tsopano ndimatchaja m'bandakucha kapena usiku, nditavula chikopa, foni ili pa simenti. Ndikakhala pamsika wa ng'ombe imakhala m'thumba la chikwama, osati m'thumba la thalauza. Komanso musagule foni ya batire lochepera 5,000mAh. Tonse tikukumbuka 2022, namondwe Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira kuno ku Chikwawa mu Januwale, dziko n'kutaya pafupifupi 130MW kwa nthawi yoposa chaka. Ndipo nthawi ya namondwe Freddy mu Malichi 2023, amene foni yake inali ndi moto ndiye ankadziwitsa abale kuti ali moyo. Pa mfundo ya batireyi Tecno, Itel ndi Samsung A zambiri zili bwino.

Manambala a kamera asakupusitseni monga anandipusitsira ine. Mafoni ambiri olembedwa 48MP kapena 50MP amaphatikiza timadontho tinayi kukhala kamodzi, ndipo chithunzi chimene mumapeza ndi cha 12MP. Kenako WhatsApp imachifinyanso kuti chisadye data. Ngati mukufuna wogula aone nthiti ndi mano a ng'ombe, dinani HD musanatumize, batani limene linabwera mu 2023, kapena tumizani chithunzicho ngati Document. Chofunika pa kamera kuno ndi momwe imaonera chinthu chakuda padzuwa lowala. A Transsion anatchuka mu Africa chifukwa chokonza kamera zawo kuti zizijambula bwino khungu lakuda, ndipo ine ndinapeza kuti ng'ombe zanga zakuda nazo zapindulapo, ngakhale sindikhulupirira kuti ku Shenzhen ankaganiza za ng'ombe za kwa Ngabu. Yatsani HDR mu kamera, yomwe imathandiza kuti chakuda ndi chowala zonse zioneke, dzuwa likhale kumbuyo kwanu, jambulani 9 koloko isanakwane, ndipo pukutani diso la kamera ndi malaya. Fumbi la kuno lokha limatha kusandutsa foni yodula kukhala ya mikanda ija.

Tibwere ku intaneti, kumene ambiri amakakamira foni atagula kale. SIM iyenera kukhala yolembetsedwa ndi chiphaso cha unzika, lamulo la MACRA limene linayamba kugwira ntchito mu 2018. Lembetsani m'dzina lanu, osati la mwana wa aneba, chifukwa tsiku limene idzatayike ndi ndalama zili pa Airtel Money mudzalira. Ine ndimayenda ndi ma SIM awiri, Airtel ndi TNM, ndipo sindinena kuti yabwino ndi iti. M'chigwa muno netiweki imasintha mudzi ndi mudzi. Mumsewu wa M1 zonse zimayesetsa, koma mukangolowera kumidzi ya m'mbali mwa Shire kapena kutsidya ku East Bank, funsani anthu a pamalopo kuti amakwera chulu chiti ndi khadi iti. Nchifukwa chake foni yolowa SIM imodzi sindiiwerengera.

Nthawi zambiri mukaika SIM intaneti imadzikonza yokha. Ikakana, makamaka pa mafoni obwera kuchokera kunja, vuto limakhala APN, dzina la khomo limene foni imalowera pa intaneti ya kampani yanu. Pa Tecno, Itel ndi Infinix lowani mu Settings, pitani pa ma SIM ndi netiweki, sankhani khadi imene mukufuna, kenako Access Point Names. Pa Samsung njira ndi Settings, Connections, Mobile networks, Access Point Names. Dinani chowonjezera chatsopano. Pa Name lembani chilichonse, ngakhale dzina la mbuzi yanu. Pa APN lembani internet, zilembo zazing'ono. MCC, nambala ya dziko, ya Malawi ndi 650, MNC, nambala ya kampani, ndi 01 ku TNM ndi 10 ku Airtel, koma zimenezi zimakhala zitalembedwa kale, musazigwire. Sungani, ndipo musaiwale kudina kadontho kosankhira APN yatsopanoyo, apa mpamene ambiri amalakwitsa. Zimitsani foni, yatsaninso. Pomaliza onetsetsani kuti data mwaiika pa SIM imene mwagulira bandulo.

Mfundo yomalizayi inandidyera ndalama. Tsiku lina ndinathira mayunitsi a K5,000 pa khadi ina kuti ndiziimbira ogula, bandulo n'kugula pa khadi inayo. Data inali pa khadi yolakwika. Usiku foni yatsopanoyo inayamba kudzitsitsira zinthu, ine ndili mkonono. M'mawa ndikuti ndiimbe ku Limbe, mawu a mayi uja akundiuza kuti ndilibe mayunitsi okwanira. Intaneti yopanda bandulo imadula kwambiri kuposa ya bandulo, ndipo foni siifunsa. Kuyambira pamenepo foni iliyonse yatsopano ndimayamba ndaimanga miyendo. Mu Play Store, zokonza mapulogalamu zichitike pa Wi-Fi pokha. Mu WhatsApp, pa Storage and data, chotsani kutsitsa kokha kwa zithunzi ndi mavidiyo, apo ayi gulu la kumudzi lokha likumalizirani bandulo ndi mavidiyo a maliro ndi ndale. Google Photos isatumize zithunzi pa data. Facebook Lite m'malo mwa Facebook yaikulu. Data Saver ikhale yoyaka.

A ku Nsanje, makamaka cha ku Marka ndi midzi ya m'malire, muli ndi msampha wanuwanu. Foni imatha kugwira nsanja za ku Mozambique, za Vodacom kapena Movitel, inu muli pakhonde panu ku Malawi. Zimitsani Data roaming, ndipo posankha netiweki chotsani Automatic musankhe yanu ndi dzanja. Kumene 4G imangobwera n'kuthawa, kuikakamiza foni pa 3G kumathandiza kuti uthenga upite komanso batire lisathe ndi kusakasaka.

Ndiye alamu, yankho ndi ili. Ngati ndalama ilipo yokwanira Samsung A ya pakatikati, gulani, simudzadandaula. Ya mayi kumudzi, Itel. iPhone isiyireni a ku Blantyre amene amakhala m'maofesi ozizira. Ine ndili pa Tecno Spark ya 128GB, yogula m'shopu ya risiti, ndipo ndivomere kuti ndimaikondera chifukwa inandichotsa manyazi pambuyo pa ija ya ku Limbe. Imabwera ndi mapulogalamu ambiri osafunika amene muyenera kuwazimitsa tsiku loyamba, usiku kamera yake ndi yapakatikati, koma sikirini yake ikasweka mphwanga amaipeza pa Nchalo pomwepo. Yadutsa Okutobala mmodzi osatupa, ndipo ng'ombe yakuda imaoneka ng'ombe.

Ija ya maso anayi ilipobe. Mphwanga anachotsa batire lotupalo kuti lisaphulike m'nyumba, ndipo chigobacho anatenga mwana wanga wamkazi wa zaka zinayi. Amaima nacho pakhola madzulo, kuloza mbuzi, n'kumakuwa kuti, "Imani bwino, ndikutumiza ku Limbe!"